George Husmann, mlendo wa ku Hermann

Mukachoka ku St. Louis kulowera kumadzulo motsata mtsinje wa Missouri, mufika pa katawuni kotchedwa Hermann. Kanakhazikitsidwa mu 1837 ndi bungwe la Ajeremani a ku Philadelphia, amene ankafuna malo oti ana awo asaiwale chinenero ndi mwambo wakwawo. Nkhawa imeneyi ifenso timaidziwa bwino.

Chaka chomwecho George Husmann anafika ku America ndi makolo ake. Anabadwa mu 1827 ku Germany, ndipo bambo ake anali mphunzitsi. Atakula anathamangira golide ku California monga anyamata ambiri a nthawiyo. Koma mlamu wake, Charles Teubner, atamwalira, iye anabwerera ku Hermann kukasamala mlongo wake wamasiye ndi kupitiriza bizinesi ya mbande za zipatso ndi mphesa. Bizinesiyo sanaisankhe yekha ayi, udindo wa pabanja ndi umene unamukokera.

Pa nkhondo yapachiweniweni anali mbali ya Union. Mu January 1865 anali mmodzi mwa nthumwi zimene zinathetsa ukapolo ku Missouri. Taganizani, munthu wobwera, akanatha kunena kuti za eni dziko sizikundikhudza. Sanatero.

Mu 1866 anatulutsa buku lophunzitsa kalimidwe ka mphesa za ku America. Kenako tizilombo ta phylloxera, timene timadya mizu, tinasakaza minda ya mphesa ku France. Mizu ya mphesa za ku America imapirira tizilomboti, choncho Husmann ndi alimi anzake a ku Missouri anatumiza mbewu zambirimbiri kutsidya kwa nyanja, ndipo Afalansa anamezanitsa mphesa zawo pamizu yachilendoyo. Minda inatsitsimuka.

Mu 1878 anakhala pulofesa wa zipatso ndi nkhalango pa University of Missouri. Mu 1881 anasamukira ku Napa, California, kumene anamwalira mu 1902.

Nanga ife bwanji? Ambirife mtima uli kumudzi, ndalama timatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo n'zoyenera. Koma Yeremiya 29 imauza anthu okhala m'dziko lachilendo kuti azifunira zabwino mzinda umene akukhalamo. Pamene tikukondwerera zaka za chiyanjano chathu, tidzifunse moona mtima: tikadzachoka pano, kodi aneba athu adzakumbukira kuti tinawachitirapo chiyani?