Ulonda wa matsenga m'masewero a Shadowrun

Shadowrun ndi masewero a patebulo omwe kampani ya FASA ya ku America idatulutsa mu 1989. Osewera amakhala mozungulira tebulo, aliyense ndi munthu wake wongopeka, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati zomwe munthuyo wayesa zatheka. Nkhani yake ndi ya dziko lam'tsogolo momwe matsenga adabwerera mu 2011, n'kupeza makampani akuluakulu akukula mphamvu kuposa maboma. Buku loyamba lidaika zochitika mu 2050, makamaka mumzinda wa Seattle. Osewera amakhala aganyu amseri, otumidwa kukaba zinsinsi za makampaniwo.

M'dziko lotere kamera ndi mpanda sizikwanira, chifukwa pali dziko lachiwiri, la mizimu, lomwe makina saliona. Wamatsenga amatha kusiya thupi lake lili gone, n'kudutsa makoma kukazonda nyumba. Kumeneko amaona kuwala kwa chamoyo chilichonse, n'kudziwa ngati munthu ali ndi mantha, akudwala kapena adaikidwa zitsulo m'thupi. Koma zopanda moyo zimangooneka ngati zithunzithunzi, motero sangawerenge zolembedwa pakompyuta. Akachedwanso kubwerera m'thupi kwa maola ambiri, amafa.

Makampani amadziteteza m'njira zitatu. Yoyamba ndi kutsirika zipinda ndi mpanda wosaoneka womwe umatchinga mizimu; wina akauthyola, yemwe adaumanga amadziwa nthawi yomweyo. Yachiwiri ndi kutuma mizimu yolondera. Ing'onoing'ono, yotchedwa watcher, ndi yoperewera nzeru ndipo ntchito yake ndi kukanena zomwe yaona, pomwe ikuluikulu imamenya nkhondo. Yachitatu ndi kuweta zilombo zoona maiko onse awiri, monga agalu olavula moto. Popeza amatsenga ndi ochepa ndiponso okwera mtengo, kawirikawiri sizitheka kutsirika nyumba yonse, ndipo akuba amafunafuna pomwe pasiyidwa.

Matsenga ali ndi malire enanso. Wamatsenga sangalodze munthu yemwe akumuonera pakamera. Ayenera kumuona ndi maso ake, ngakhale kudzera m'magalasi. N'chifukwa chake alonda amfuti, akatswiri a makompyuta ndi amatsenga amayenera kudalirana.

Choopsa chachikulu chimadza ntchito ikatha. Tsenga lililonse limasiya chidindo cha mwiniwake kwa maola angapo, ndipo apolisi a makampani monga Lone Star ndi Knight Errant amatha kuchizindikira. Dontho la magazi kapena tsitsi lotsala pamalopo ndi lokwanira kuti gulu la amatsenga lichite mwambo wolondola mwiniwake ndi kumukantha ali kutali. Motero osewera ozolowera amafufuta chidindocho ndi kuwononga magazi awo asanathawe, podziwa kuti kutuluka pachipata si kupulumuka.