Ana a ku Lupande Amene Sukulu Inawapitirira

 Madzulo ano tipite kum'mawa, ku dziko la Malambo, kumene mtsinje wa Lupande utsikira ku Luangwa. Tikambe mbiri ya ana amene sukulu ya Boma inawapitirira, ndi ya anthu amene anawatola.

Dziko limeneli ndi la Akunda, ndipo mafumu ao ndi Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama. Lero liri m'boma la Mambwe. Midzi yace ndi yotalikirana. Dzinja likafika Lupande asefukira, ndipo timitsinje timene mwana alumpha m'cilimwe tisanduka madzi akuya. Mapira akayamba kuca, njobvu zituluka m'thengo ndi kuyenda m'njira zomwezo zimene ana ayendamo m'mamawa. Kuyambira kale kashembe analetsa anthu kuweta ng'ombe zambiri, motero bambo analibe coweta cacikuru cakuti agulitse ndi kulipirira mwana. Kumalo kotere sukulu ikakhala kutali, mwana wamng'ono sapitako konse. Akadzakula ndi kukhala ndi mphamvu ya kuyenda, amuuza kuti zaka zace zapitirira.

Oyamba kufika ndi buku sanali a Boma ai. Mishoni ya U.M.C.A. inalowa m'Northern Rhodesia m'caka ca 1910, ndipo inatuma ku Msoro wansembe wacikuda, Leonard Kamungu, Mcewa wa ku Nyasaland. Iye sanakhale nthawi yaitali, pakuti anamwalira komweko m'caka ca 1913, koma nchito yace inatsala. Amishoni a masiku amenewo anali kumwaza tisukulu m'midzi. Eni mudzi anali kudula mitengo, kumweta udzu ndi kumanga nyumba imodzi, imene inali chalichi tsiku la Mulungu ndi sukulu masiku ena. Mphunzitsi anali mnyamata amene anaphunzira pang'ono cabe kuposa ana ace. Ana anali kulemba pansi ndi cala, ndipo amwai okha ndiwo anali ndi sileti. Pamene Boma la Azungu linatsegula ofesi ya maphunziro a anthu akuda m'caka ca 1925, ndalama zace zinali kupita ku sukulu zimene oyendera anazibvomereza. Tisukulu tambiri ta m'midzi sitinalandire kanthu, komabe ndi m'menemo m'mene ambiri a makolo athu anadziwira kulemba kalata yopita kumudzi ali ku Wankie kapena ku Luanshya.

Ufulu utabwera m'caka ca 1964, Boma la Dr. Kaunda linamanga sukulu zambiri, ndipo makolo sanali kulipira. Ndalama zace zinali kucokera ku mkuwa umene inu ndi atate anu munali kukumba. Koma m'caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo cimene cinagwa ku Kitwe cinamveka mpaka ku Lupande. Sukulu zatsopano zinaleka kumangidwa, mabuku anasowa. Pofika zaka za m'ma 1990 makolo anali kufunsidwa ndalama za P.T.A., yunifomu ndi nsapato. Nthawi yomweyo matenda a Edzi anali kutenga amuna ndi akazi a mphamvu, ndipo ana amasiye anali kutumizidwa kumudzi kwa agogo amene analibe ngakhale ngwee. Pamene ndalama zinakwanira mwana mmodzi yekha, kawirikawiri wotsala panyumba anali mtsikana.

Apa ndi pamene anthu anabwerera ku nzeru ya kale ija. M'makomboni a Lusaka ndi m'midzi yomwe, makolo anayamba kusonkhanitsa ana pansi pa mtengo kapena m'chalichi, ndi kupempha mnyamata kapena mtsikana amene anafikako ku sekondale kuti awaphunzitse. Izi ndizo zinachedwa sukulu za anthu a m'mudzi. Bungwe la Zambia Open Community Schools linayamba m'caka ca 1992, ndipo m'caka ca 1996 Boma, m'cikalata cace ca Educating Our Future, linabvomera kuti anthu angathe kudzitsegulira sukulu. M'caka cimeneco sukulu zotere zodziwika sizinafike 100. Patapita zaka 10 zinaposa 2,000. Lamulo lace linali lapafupi: yunifomu safunsa, msinkhu safunsa, ndipo wopanda ndalama samubweza pakhomo. Malipiro a mphunzitsi nthawi zambiri anali tini ya cimanga, nkhuku, kapena kumlimira munda.

Cifukwa ana ambiri anali kuyamba atakula kale, panakonzedwa maphunziro ochedwa SPARK, amene anapanikiza nchito ya zaka 7 m'zaka 4. Nzeru yace inali yabwino, koma inali ndi bvuto limodzi: mwana wa SPARK sanali wokonzeka bwino kulemba mayeso a Giredi 7, amene anali khomo la ku sekondale. Makolo anaona cimeneci msanga, ndipo sukulu zambiri zinasiya SPARK ndi kutsata maphunziro a Boma. Mmphawi safuna kuti mwana wace apatsidwe maphunziro a amphawi.

Ku Lupande kunali cuma cina cimene madera ena alibe, ndico nyama za m'thengo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunayamba nchito ya Luangwa Integrated Resource Development Project, yothandizidwa ndi dziko la Norway. Kuyambira 1996 ndalama zambiri zocokera kwa alenje olipira zinayamba kuperekedwa ku midzi, kuti anthu akhale pansi ndi kusankha okha cocita nazo. Ena anagawana, ena anakumba zitsime, ndipo ena anaumba njerwa za makalasi ndi nyumba za aphunzitsi. Njobvu imene inali kutsekera mwana njira inathandizako kumufolera denga. Eni misasa ya alendo pa Mfuwe nawonso anathandiza sukulu zoyandikana nao, monga Yosefe ndi Kawaza. Koma mlendo afika pamene mseu ufika, ndipo midzi ya kutsidya kwa madambo samaiona.

Tsono wailesi nayo iri ndi mbali yace m'mbiri imeneyi. Akuluakulu akumbukira kawailesi konga poto kamene kanayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949, kamene kanalowetsa mau a ku Lusaka m'nyumba za anthu wamba. M'caka ca 2000 Unduna wa Maphunziro unayamba kuulutsa maphunziro ochedwa Learning at Taonga Market, poyamba ku Lusaka ndi ku Chongwe, pambuyo pace m'zigawo zonse, ndi ca Kum'mawa comwe. Anthu a m'mudzi anali kupeza malo ndi munthu mmodzi wodziwa kuwerenga. Wailesi yace inali yopukusa ndi dzanja, yosafuna mabatire. Mphunzitsi wa m'wailesi anali kulankhula kwa theka la ora, kuimbitsa ana, kufunsa funso ndi kukhala cete kuti ayankhe, ndipo wothandiza uja anali kulemba pa bolodi zimene wauzidwa. Mau a wailesi saopa ng'ona, ndipo sayembekeza kuti madzi aphwe.

Pang'onopang'ono Boma linatsatira m'mapazi a anthu. M'caka ca 2002 linacotsa malipiro kuyambira Giredi 1 kufika Giredi 7. Lamulo la maphunziro la 2011 linawerengera sukulu za anthu a m'mudzi pamodzi ndi sukulu zina za dziko. M'caka ca 2022 malipiro anacotsedwa mpaka ku sekondale, ndipo ana anadzaza makalasi.

Zonsezi ndi zokondweretsa. Koma lamulo licotsa malipiro, silicotsa mtsinje kapena kufupikitsa njira. Mbiri ya Lupande itionetsa kuti kuyambira masiku a Kamungu, mwana wotsalira anayamba kutoledwa ndi anansi ace, ndipo wosenza katundu wolemera anali mphunzitsi wa malipiro ocepa kapena wopanda malipiro konse. Inu a ku Malambo amene muli ku Mufulira, ku Chingola ndi ku Lusaka, mukalemba kalata kapena kuimba lamya kumudzi mufunsa za mvula ndi za maliro. Funsaninso kuti ana a m'mudzi mwanu aphunzira kuti, ndani awaphunzitsa, ndipo iyeyo adya ciani. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsalani bwino.