Mzinda Umene Unayamba Papepala

Lero tikambirana za Lilongwe. Mlendo akafika mumzindawu amadabwa kuona kuti Area 18 siili pafupi ndi Area 17, ndipo kuti pakati pa malo ena ndi anzake pali nkhalango kapena thengo. Zimenezi sizinangochitika mwangozi ayi. Anthu anakhala pansi nazikonza motero, ndipo anali nazo zifukwa zawo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Lilongwe inali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje umene unaipatsa dzina. Inakula pang'onopang'ono chifukwa cha malonda a fodya, koma pa kalembera wa 1966 munapezeka anthu osakwana 20,000. Likulu la dziko linali ku Zomba kuyambira 1891, patsinde pa phiri, malo okongola koma opanikizika, ndiponso kutali ndi anthu a Chigawo cha Pakati ndi cha Kumpoto. Dziko litangolandira ufulu mu 1964, Dr H. Kamuzu Banda anaganiza zosamutsira likulu ku Lilongwe, pachidikha chachonde, kuti chitukuko chisaunjikane kumwera kokha. Boma la Britain linakana kuthandiza, poona kuti ntchitoyo idzadya ndalama zambiri. Amene anavomera ndi South Africa, dziko limene maiko ambiri a mu Africa anali kulisala chifukwa cha tsankho. Mu 1968 linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni, ndipo pulani yoyamba ya mzindawo inalembedwa ndi akatswiri a komweko, Gerke ndi Viljoen. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe loyang'anira ntchitoyi, la Capital City Development Corporation, limene anthu ankangoti CCDC. Mu 1975 Lilongwe inakhala likulu.

Tsono mtima wa nkhani yathu uli pa maganizo a okonzawo. Iwo anali ataona mizinda ina kumene misewu yonse imathira pamalo amodzi, m'maŵa uliwonse magalimoto nkumapanikizana ngati ng'ombe pachipata cha khola. Pofuna kupeŵa zimenezi anati Lilongwe isakhale ndi pakati pamodzi. Anaigaŵa m'zigawo zinayi zondandalikana kuchokera kumwera kupita kumpoto: tauni yakale, kenaka Capital Hill kumene kuli maofesi a boma, kenaka Kanengo wa mafakitale ndi nkhokwe, ndi Lumbadzi kumene bwalo la ndege linatsegulidwa mu 1983. Chigawo chilichonse chinayenera kukhala ndi ntchito zake, masitolo ake ndi nyumba zake, kuti munthu azigona pafupi ndi kumene agwira ntchito. Pakati pa zigawozo anasiya mitengo, monga nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndiponso malo aakulu oti mzinda udzakulirepo m'tsogolo. Manambala a madera aja sanatsate kuyandikana kwa malo, nchifukwa chake amasokoneza alendo kufikira lero. Njanji yochokera ku Salima inafika mu 1979, ndi thandizo la dziko la Canada, nilunjika ku Kanengo osati pakati pa mzinda: inali njanji ya katundu.

Papepala zonsezi zinali zanzeru, ndipo tiyenera kuvomereza kuti kusiya malo kunali kuona patali. Koma pulaniyo inayeza mitunda ndi galimoto, pamene anthu ambiri odzakhalamo anali oyenda pansi. Madera a mayadi, monga Area 10 ndi Area 43, anapatsidwa mapoloti aakulu pafupi ndi maofesi. Anthu opeza zochepa anapatsidwa mapoloti aang'ono, oti adzimangire okha, m'madera monga Area 25, kutali ndi Capital Hill. Motero amene anali ndi galimoto anayenda mtunda waufupi, amene analibe nayenda wautali. Ndiponso zigawo zinayi zija sizinakule mofanana. Msika, madepoti a mabasi ndi masitolo ambiri anakhalabe ku tauni yakale, ndipo anthu anapitirizabe kukhamukira komweko, kuwoloka mtsinje wa Lilongwe pa milatho yoŵerengeka. Kupanikizana kumene okonza anakuthaŵa kunabwera ndithu.

Chinanso chimene chinavuta ndi liŵiro limene anthu anachulukira nalo. Mu 1977 anali pafupifupi 99,000. Mu 1987 anapitirira 220,000. Mu 1998 anapitirira 440,000. Pa kalembera wa 2018 anangotsala pang'ono kukwana 1 miliyoni. CCDC inathetsedwa mu 1984, ndipo mapoloti oyezedwa sanathe kukwanira aliyense. Anthu sanadikire. Anapeza malo kudzera kwa mafumu namanga ku Mtandire, kwa Mgona, kwa Kauma ndi kwa Chinsapo. Taonani bwino pamene pali malo ameneŵa: Mgona wagundana ndi mafakitale a Kanengo, Kauma ndi Mtandire ali m'mphepete mwa madera a mayadi kumene alonda ndi antchito a m'nyumba amapita m'maŵa. Chimene pulani inalonjeza, choti munthu agone pafupi ndi ntchito, osauka anadzichitira okha, koma popanda misewu yabwino, ngalande kapena mipope yokwanira. Mitunda yotsalayo inagwera maminibasi ndi njinga za kabaza.

Boma nalonso linasamuka mwapang'onopang'ono. Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba kufikira chaka cha 1994 chitafika, ndipo nyumba yakeyake ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2010, yomangidwa ndi thandizo la China. Chaka chomwecho akatswiri a bungwe la JICA la ku Japan anamaliza pulani yatsopano yoyang'ana kufikira 2030. M'zaka zotsatira kunamangidwa msewu wolambalala mzinda cha kumadzulo, kuti malole opita ku Mchinji ndi ku Zambia asamadutse pakati pa tauni, ndipo mu 2020 ku Area 18 kunatsegulidwa msewu wodutsa pamwamba pa unzake. Misewu ina yakulitsidwanso, ndipo malo oikulitsira anapezeka m'mbali mwake, aja amene okonza a 1968 anasiya opanda nyumba. Koma mitengo yambiri imene inali kupatsa mthunzi oyenda pansi inagwa pantchito yomweyo.