Ekiselo ya Airstream: chitsulo chimene amalume anga sakanachikonza

Pali chithunzi china chimene ndakhala ndikuchiyang'ana masabata awiri tsopano. Makalavani onyezimira ngati mapoto atsopano aima pamchenga, kumbuyo kwake kuli mapiramidi a ku Giza. Chinajambulidwa mu 1960. Anthu ambiri akachiona amasirira kunyezimirako. Ine, poti ndinakula ndikupatsira amalume masipanala iwo ali chagada pansi pa galimoto za anthu, maso anga anathamangira kumatayala. Ndinadzifunsa kuti, nyumba zoyendazi zinafika bwanji ku Egypt kuchokera ku Cape Town osathyoka miyendo? Nditafufuza ndinapeza kuti zinathyoka ndithu, kangapo konse. Lero ndikufuna tikambirane za mwendowo, ekiselo, chitsulo chija chimapingasa pansi n'kugwira matayala mbali zonse ziwiri.

Makalavani a pachithunzipo ndi a Airstream, kampani ya ku America. Mwini wake anali Wally Byam, amene anabadwa mu 1896 ku Baker City m'dera la Oregon. Ali mnyamata ankaweta nkhosa n'kumagona m'kangolo kumapiri. Pambuyo pake anakaphunzira pa yunivesite ya Stanford. Anayamba ndi kugulitsa mapulani oti munthu adzipangire yekha kalavani, kenako chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 anatsegula fakitale ku California. Mu 1936 anatulutsa Airstream Clipper, ya thupi la aluminiyamu lomangidwa ndi maliveti ngati ndege. Kamangidweka kanachokera kwa Hawley Bowlus, katswiri wa ndege amene anayang'anira ntchito yopanga Spirit of St. Louis ya Charles Lindbergh. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse ntchito inaima chifukwa aluminiyamu ankapita ku ndege zankhondo. Nkhondo itatha anayambiranso, ndipo mu 1952 anatsegula fakitale ina ku Jackson Center, Ohio, kumene Airstream amapangidwira mpaka lero.

Byam anali ndi njira yakeyake yotsatsira malonda. Ankasonkhanitsa makasitomala ake n'kuwatsogolera pa maulendo ataliatali, kuyambira ndi wa ku Mexico ndi Central America mu 1951. Waukulu pa onse unali wa mu Africa. Mu July 1959 makalavani 41 ananyamuka ku Cape Town. Anadutsa ku Rhodesia, miyezi yomwe ija Dr Banda anali m'ndende ku Gwelo, n'kulowa ku Congo, Uganda, Kenya, Ethiopia kumene anaonana ndi Mfumu Haile Selassie, kenako Sudan. Amene anafika ku Cairo mu February 1960 anali 29.

Nthawi imeneyo kalavani inkakhala pa masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, omwe aja timawaona pansi pa malole ndi mapikiapu. Pamsewu wa phula amagwira bwino ntchito. Koma m'misewu ya malata, m'matope a ku Ethiopia ndi m'miyala, masipuling'i ndi maekiselo ankathyoka, ndipo apaulendowo ankataya nthawi yambiri akuwotcherera zitsulo m'mbali mwa njira. Atabwerako sipanapite nthawi: kuyambira 1961 Airstream inasiya masipuling'i n'kuyamba kuika ekiselo ya mtundu wina, Dura-Torque, yopangidwa ndi kampani ya Henschen ya ku Jackson Center komweko. Byam anamwalira chaka chotsatira, mu July 1962.

Ekiselo yatsopanoyi ilibe sipuling'i ngakhale imodzi. Tangoganizani paipi yachitsulo ya makona anayi. M'kati mwake mwalowa chitsulo china cha makona anayi, chocheperako, chopendekeka moti makona ake aloza pakati pa makoma a paipi ija. Mipata inayi yotsala m'makona yadzazidwa ndi zingwe zonenepa za mphira. Kumapeto kwa chitsulo cham'katicho kuli mkono waufupi, ndipo tayala limamangidwa kumkonowo. Tayala likaponda mwala, mkono umakwera, chitsulo cham'kati chimapotoka n'kufinya mphira. Mwala ukadutsa, mphira umakankha chitsulocho kubwerera m'malo mwake. Basi, nzeru yake ndi yomweyo. Tayala lililonse limadziyendera palokha, la kumanzere likagwa m'dzenje la kumanja silimva. Palibe zitsulo zokhulana, palibe zofuna girizi kupatula mabelo a m'tayala. Kalavani imakhalanso yotsika, sigwedezeka kwambiri pamsewu.

Koma apa mpamene pagona nkhani. Thupi la aluminiyamu silichita dzimbiri ngati chitsulo wamba, n'chifukwa chake Airstream ya 1965 ukaipukuta imawala ngati yadzulo. Mphira ndiye ulibe mwayi umenewo. Umakalamba, umauma, umasiya kubwerera. Chodabwitsa n'chakuti umafa msanga kalavani ikangokhala osayenda. Ikaima zaka kuseri kwa nyumba, kulemera konse kumatsamira malo amodzi, mphira n'kuphwatalala momwemo mpaka kale. Choncho munthu akamagulitsa n'kumanyadira kuti kalavani yake sinayende kwenikweni, wodziwa amayamba wagwada kaye n'kusuzumira pansi.

Zizindikiro zake sizivuta. Pa ekiselo yamoyo, mkono uja umaloza pansi. Pa yotopa umagona mopingasa, mwinanso kuloza m'mwamba, tayala n'kubisala m'kati mwa madigadi. Ukakweza kalavani ndi jeki, tayala limayenera kutsikirako pamene kulemera kwachoka. Likangonyamuka pamodzi ndi thupi ngati zawotchereredwa, dziwa kuti mphira unatha kalekale. Ndiye kalavani ikamayenda chonchi, bampu iliyonse imalowa yonse m'nyumba. Maliveti amadumpha, makabati amang'aluka, zitseko zimasiya kutsekeka, felemu imayamba ming'alu. Choopsa kwambiri n'chakuti nsonga ya chitsulo imene imanyamula tayala ikhoza kuduka, tayala n'kupita kwake galimoto ili pa liwiro.

Amalume anga akanamva zimenezi akanati, "Tsegula paipiyo, tiike mphira wina." Kwa iwo chitsulo sichitayidwa. Sipuling'i ikathyoka ankachotsa tsamba lothyokalo n'kuikapo la lole ina yakufa, madzulo galimoto n'kumapita. Koma ekiselo ya mphira silola zimenezo. Kufakitale zingwe zija amaziziziritsa kwambiri kuti zilowe m'mipata yake, zikafunda zimadzaza malo onse n'kugwira zolimba. Pagalaja wamba sungabwereze ntchito imeneyi. Kuwotcherera papaipi nakonso n'kulakwa, chifukwa moto umapsereza mphira wam'kati. Mankhwala ake ndi amodzi: kuchotsa ekiselo yonse n'kuika yatsopano.

Ntchitoyo imayamba ndi tepi, sipanala imabwera pambuyo. Umayeza kutalika kuchokera pomangira tayala lina kufika pomangira linzake, umayeza mtunda wa pakati pa zomangira ekiselo kufelemu, umadziwa kulemera kwa kalavani ikadzaza katundu, n'kusankhanso kupendekeka kwa mkono, kumene pa Airstream zambiri kumakhala madigiri 22.5 kuloza pansi. Ekiselo yatsopano imapangidwa motsatira miyezo imeneyi, ndipo masiku ano ambiri amaitanitsa ya Dexter, kampani ya ku Elkhart, Indiana. Pakulemera m'pofunika kusamala. Ena amaganiza kuti yolimba kwambiri ndiye yabwino, koma mphira wopangidwira katundu wolemera sufinyika pansi pa kalavani yopepuka, ndiye wagula ekiselo yatsopano yogunda ngati yakale yomwe ija.

Ikafika, kalavani amaikweza n'kuikhazika pa zochirikiza zolimba pansi pa felemu. Jeki saiika papaipi ya ekiselo, ingapindike. Amachotsa matayala, amamasula mawaya a mabuleki ndi mashoko. Kenako imabwera nkhondo ya mabawuti amene akhala m'dzimbiri zaka zoposa 50. Ena amamasuka ukawanyowetsa mafuta usiku wonse, ena mpaka kuwadula. Ekiselo yakale amaitsitsa pang'onopang'ono pa jeki, poti ndi yolemera moti ingathyole munthu mkono. Mpata ukatseguka amayang'ana felemu ngati sinadyeke, chifukwa kumanga chitsulo chatsopano pa felemu yowola n'kungotaya ndalama. Yatsopano ikakwera, mabowo nthawi zina sagwirizana ndi akale, amaboola ena. Asanamange zolimba amayeza kuchokera pokokera kutsogolo kufika kumapeto onse awiri a ekiselo. Miyezo ikasiyana kalavani imayenda chammbali ngati nkhanu n'kumadya matayala. Ngati kalavani ili ndi maekiselo awiri amasintha onse, chifukwa a mphira sagawana katundu monga amachitira a masipuling'i, ndipo watsopano angasenze zonse yekha. Phindu lina n'lakuti ekiselo yatsopano imabwera ndi mabuleki amagetsi ndi mabelo atsopano, amene zida zake zimapezeka m'sitolo mosavuta.

Pakati pa okonda zinthu zakale pamakhala mkangano wa chimene chiyenera kusungidwa monga chinachokera kufakitale. Amalimbana za nsalu za makatani, za mtundu wa matabwa, za nyali. Koma pa ekiselo ngakhale ouma mitu ambiri amagonja, chifukwa kalavani siyenda yokha pamsewu, pambuyo pake pamakhala galimoto za anthu ena ndi ana awo. Amene akufuna kusunga Airstream ya 1962 kuti izipitabe kumene inapangidwira kupita, ayenera kulolera kuti chitsulo cha 1962 chipite kwa ogula zitsulo zakutha.

Chimene chandikhala pamtima n'chakuti misewu ya 1959 ija inathyola chinthu chimene wowotcherera aliyense akanachilumikiza pansi pa mtengo, ndipo chimene chinalowa m'malo mwake n'chofewa, sichivutavuta, koma chikafa chafa. Sindinganene kuti a ku Jackson Center analakwa. Ekiselo imene yanyamula nyumba zaka makumimakumi popanda kuikhudza yagwira ntchito yake. Kungoti amalume anga, ndi masipanala awo onse aja, akanaiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kundituma kuti ndikatenge tepi.