Mamendulo a ankhondo a ku Fort Jameson

Adzukulu inu, mukamadutsa pa Gonda Barracks muno mu Chipata, mumadziwa kumene dzinalo linachokera? Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia, kumene Ataliyana anagonja mu Novembala 1941. Makampu enanso a asilikali, Tug Argan ndi Kalewa ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, Arakan ku Lusaka, onsewa ndi maina a kumalo kumene kunamenyedwa nkhondo ya Hitler.

Nthawi imeneyo Chipata inali Fort Jameson. Boma likafuna asilikali linkadzera kwa mafumu, ndipo anyamata a Chingoni, a Chichewa ndi a Chinsenga ankalembedwa mu Northern Rhodesia Regiment. Ena anapita mwa kufuna kwawo, ena chifukwa mfumu yalamula. Mu Ogasiti 1940 gulu lawo linalimbana ndi Ataliyana pa Tug Argan ku Somaliland. Pambuyo pake anakwera sitima yapamadzi paulendo wa ku Burma, kumene mu 1944 anamenyana ndi Majapani m'nkhalango za mvula yosakata, malungo nawo akuwagwetsa.

Opulumuka anabwera ndi mamendulo. Africa Star ndi Burma Star ankapatsidwa kwa aliyense amene anafika kumalo ankhondowo. Koma Military Medal ndi Distinguished Conduct Medal zinali za amene anaonetsa chamuna moto uli pakati, monga kusenza mnzake wovulala zipolopolo zikuuluka. Zimenezi ankazizokota m'mphepete dzina la mwini wake, nambala yake ndi gulu lake. Akuluakuluwo ankazisunga m'kachitini pansi pa sutikesi, n'kuzitulutsa pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira ogwa pankhondo, atazipukuta ndi phulusa.

Lero kunjaku kuli anthu amene amagula mamendulo otere n'kumawasunga. Ku London amachita kupikisana mitengo pamsika. Mkulu wina wolemera, Lord Ashcroft, anasonkhanitsa mamendulo a Victoria Cross oposa 200. Pa Tug Argan pomwepo mendulo imeneyi inapita kwa Mngelezi, Captain Eric Wilson, amene ankatsogolera asilikali a Chisomali. Chimene ogulawo amalondola si chitsulo ayi, koma dzina. Akaliwerenga amakafufuza m'mabuku a boma kuti munthuyo anachita chiyani, tsiku liti, paphiri liti, ndipo mbiri ikapezeka mtengo umakwera. Mendulo yaukatswiri ya msilikali wa kuno ndi yosowa, n'chifukwa chake amaifunitsa.

Ndiye ngati mlendo aona phindu pa dzina la agogo anu, inu eni ake mugone? Njala ikavuta gulitsani mbuzi, imaswananso. Mendulo ikachoka pakhomo yapitiratu. Funsani azakhali anu akadali moyo kuti agogo anamenyera kuti, anapita ndi yani, mulembe papepala, muliike pamodzi ndi menduloyo kuti ana anu adzaliwerenge.