Mmene Ubongo Umatulutsira Mkaka wa M'mawere

Pa makiliniki a m'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, Matero, Chawama ndi Mtendere, azimai ena oyamwitsa amadandaula kuti mkaka sutuluka. Nthawi zambiri mkaka umakhala ulimo m'bere, koma cimene cimacedwa ndi uthenga wocokera ku ubongo. Zambiri zokhudza uthengawu akatswiri anazidziwa pofufuza makoswe oyamwitsa.

Kupanga mkaka ndi kuutulutsa ndi nchito ziwiri zosiyana. Homoni yocedwa prolactin ndiyo imacititsa bere kupanga mkaka, pamene ina yocedwa oxytocin ndiyo imautulutsa. Oxytocin imapangidwa m'cigawo ca ubongo cocedwa hypothalamus, ndipo imalowa m'magazi kudzera m'kaciwalo ka pituitary kamene kali pansi pa ubongo. Mwana akayamwa, mitsempha ya kunsonga ya bere imatumiza uthenga ku ubongo. Oxytocin ikafika m'bere imafinya timatumba ta mkaka, ndipo mkaka umatsikira kwa mwana. Katswiri wa ku America, Vincent du Vigneaud, anakwanitsa kupanga oxytocin m'caka ca 1953, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1955.

Mu 1973, Jonathan Wakerley ndi Dennis Lincoln a pa yunivesite ya Bristol ku England anapima maselo a mu ubongo wa makoswe oyamwitsa. Iwo anapeza kuti ngakhale ana a khoswe amayamwa mosalekeza, mkaka sutuluka nthawi zonse. Pakapita mphindi zowerengeka, maselo a oxytocin amagwira nchito onse pamodzi mwamphamvu kwa masekondi awiri kufikira anai, kenaka amakhalanso cete. Patapita masekondi pafupifupi 15 mkaka umatsika, ndipo ana onse amaongola miyendo nthawi imodzi pomeza.

Kuti maselowa agwirizane motere pamafunika makemikolo onyamula mauthenga mu ubongo. Glutamate ndi noradrenaline ndi ena mwa amene amadzutsa maselowa. M'zaka za m'ma 1980, akatswiri a ku Strasbourg m'dziko la France anaonetsa kuti oxytocin ina imatulutsidwa m'kati mwa ubongo momwemo, ndipo imathandiza maselo kugwira nchito pamodzi. Ataitsekereza mu ubongo wa khoswe, mkaka unacedwa kapena kuleka kutsika. Mu 1996, mbewa zimene zinacotsedwa jini ya oxytocin zinabereka bwino ndipo zinali ndi mkaka m'mawere, koma ana ake anafa ndi njala cifukwa mkakawo sunali kutuluka.

Kwa anthu njira ndi yomweyi, koma pali kusiyana. Kwa mai, mkaka ungayambe kudontha akangomva kulira kwa mwana wake, asanamuike ku bere. Komanso mantha, ululu ndi nkhawa zimacedwetsa kutuluka kwa oxytocin. Mowa nawonso umaicepetsa, ngakhale kuti ena amakhulupirira kuti umaculukitsa mkaka. Kucedwa kumeneku nkwa kanthawi cabe. Mai akakhala pamalo abata, ndi kumufungatira mwana khungu ndi khungu, mkaka umatsika. Mwana akamayamwa pafupipafupi usana ndi usiku, bere limapanga mkaka wambiri. Motero abambo, apongozi ndi acibale ali ndi udindo womucepetsera nchito mai woyamwitsa ndi kumupewetsa mikangano pakhomo.

Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri m'makomboni mmene mabanja ena amatunga madzi pa zitsime zosazama. Mai akaganiza kuti mkaka watha, angathamangire mkaka wa m'zitini kapena phala, zimene zimafuna ndalama ndi madzi aukhondo. Mliri wa kolera unakantha Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, ndipo Kanyama inali imodzi mwa makomboni okhudzidwa kwambiri. Kafukufuku amene anacitikira pa makiliniki a George ndi Chawama pakati pa azimai 958 okhala ndi kacilombo ka HIV, amene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2008, anaonetsa kuti kumuletsa mwana kuyamwa mwadzidzidzi pa miyezi inai sikunapulumutse ana ambiri kuposa kupitiriza kuyamwitsa.

Kuyambira mu 2001, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana aziyamwa bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi kupitiriza kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina kufikira zaka ziwiri kapena kuposerapo. Azimai okhala ndi HIV amalangizidwa kumwa mankhwala a ARV mosadumphitsa pamene akuyamwitsa. Ngati mwana sakodza kawirikawiri, ali wofooka kapena sakwera sikelo, makolo apite naye ku kiliniki mwamsanga asanamupatse cina ciliconse.