Tsiku limene ma ace aŵili anataika ku Las Vegas

M'caka ca 2009, pa mpikisano waukulu wa poker wa World Series of Poker ku Las Vegas, mtolankhani wa pa TV wa ku France, Estelle Denis, anaponya machipi ake onse 142,000 pakati pa thebulo. Makhadi ake aŵili anali poyela, popanda cowatsindika. Wogaŵa makhadi anaganiza kuti mayiyo wagonja, ndipo anawakokela pa mulu wa makhadi otayidwa. Denis anati anali ma ace aŵili, makhadi amene palibe owaposa poyambila. Akulu a mpikisano sanathe kuwapeza motsimikiza. Anamubwezela 110,000, koma 32,000 inapita.

Ambili a ife tingati wolakwa ni wogaŵa. Koma lamulo la Tournament Directors Association, bungwe limene linayamba mu 2001, limati woseŵela aliyense azisunga yekha makhadi ake. Cifukwa cake n'comveka: khadi ikasakanizika, umboni umatsala pakamwa cabe, ndipo pamene pali ndalama aliyense angalumbile kuti anali na ace. N'cifukwa cake akatswili amatsindika makhadi na chipi kapena kanthu kolemelako. Greg Raymer, amene anapambana mu 2004, amaikapo mwala wakale-kale.

Ifenso kuno ku Rufunsa, tikamaseŵela makhadi pansi pa mtengo, mkangano wa "khadi yanga inali apa" ungathe tikangoika kamwala pamwamba tisanayang'ane kumbali.